Amayi, Tikafika ku Blantyre Tikaone Chiyani?

Amayi anzanga, ambiri a ife sitipita mu mzinda kukangoyenda chabe. Chimene chimatitengera kumeneko ndi ukwati wa mwana wa mbale, maliro, msonkhano wa mpingo, matenda a wina amene wagonekedwa m'chipatala, kapena kukapikula katundu wa geni ku Limbe. Tikatsiriza chimene tadzera, kawirikawiri pamatsala kanthawi pang'ono, mwina m'mawa umodzi kapena masana amodzi, basi yobwerera kwathu isananyamuke. Kanthawi kameneka ndi kamene ndifuna kuti tikambirane sabata ino. Ena timakathera pa khonde la mbale tikucheza, ena m'sitolo tikusirira zinthu zimene tilibe ndalama zake. Pamenepo palibe choipa. Koma ine ndikupempha kuti pa maulendo otere, umodzi tiziupatula kuti tikalowe m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene anzathu a m'tauni amangoitchula kuti myuziyamu.

Mwina wina afunsa kuti, kodi mayi wapabanja, wa ana ndi munda, akafunemo chiyani m'nyumba yotere? Tayang'anani pakhomo panu. Madzi amene amayi athu ankasunga mu mtsuko, ife tikusunga m'chigubu ndi m'ndowa ya pulasitiki. Ndiwo zimene zinkapsa mu mphika wadothi, lero zikupsa m'poto. Chigayo chidalanda ntchito yambiri ya mtondo, ndipo mphero yagona kuseri kwa khola osadziwika mwini wake. Sindikudandaula nazo zimenezi ayi, pakuti zatipeputsira ntchito ndipo misana yathu yapumako. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti chiwiya chikachoka pakhomo, dzina lake limachokanso pakamwa, ndipo nzeru za amene ankachipanga zimatsatira pambuyo. Mwana wamkazi amene sadziwa kusiyanitsa nkhali ndi mtsuko adzawauza chiyani ana ake za agogo ake? Nyumba zosungiramo zakale zidamangidwa kuti zinthu zotere zisatheretu. Koma sizingatithandize ngati ife eni ake tingozilambalala.

Tsono vuto lagona pa kusankha. Malo oti munthu n'kuona mu Blantyre ndi ambiri, koma nthawi ya mlendo ndi yochepa. Kuchokera kwathu kuno, kaya mwakwerera pa Kamphata kapena pa Nathenje, ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 300, kudutsa Linthipe, Dedza, Lizulu, Ntcheu ndi Chingeni, kuwoloka Shire pa Zalewa, mpaka kukatsikira pa Wenela. Anzathu a ku Mitundu ndiye amayamba ayenda kaye kuti akapeze msewu waukulu. Munthu amafika miyendo itatupa, mutu uli waa. Ndalama nazo n'zowerengeka, zochita kusonkha kapena kukongola ku banki m'khonde. Pamene zinthu zili chonchi, mtima umafuna kuona zonse nthawi imodzi, poganiza kuti mwayi wotere sudzabweranso. Komatu akulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Amene athamangira malo anayi masana amodzi amangoona mageti ndi makondakitala a minibasi, ndipo akafika kwawo sakumbuka kuti chakuti adachiona kuti.

Ine ndakhala ndikuyenda ndi magulu a amayi kwa zaka zingapo, ndipo chimene ndaona ndi ichi: theka la tsiku ndi la nyumba imodzi yokha. Mukakhala ndi tsiku lathunthu, ziwiri zikwanira, imodzi m'mawa ina masana, koma zikhale zoyandikana. Ndipo posankha musayambe ndi kufunsa kuti yotchuka ndi iti. Yambani ndi kudzifunsa kuti, kodi ife tikufuna kukadziwa chiyani chimene tidzabwere nacho kumudzi? Funso limeneli mulitenge kuchokera pakhomo, monga momwe mumatengera kamba wa paulendo. Mukalidziwa funso lanu, nyumba yake imadziwika yokha, pakuti malo atatu otchuka a mu Blantyre amayankha mafunso atatu osiyana.

Ngati mtima wanu uli pa kudziwa mmene makolo athu ankakhalira, pitani ku Chichiri. Imeneyi ndiyo nyumba yaikulu ya zakale m'dziko lathu, ndipo ili pafupi ndi msewu waukulu wa Masauko Chipembere, pakati pa Blantyre ndi Limbe, kufupi ndi maofesi a khonsolo ya mzinda. Ntchito yosonkhanitsa zinthu zakale idayambira ku Mandala m'masiku a atsamunda, ndipo nyumba ya pa Chichiri idatsegulidwa m'chaka cha 1966 ndi Dr. Kamuzu Banda. M'katimo muli ziwiya ndi zida za makolo, zoimbira, za nyama za m'dziko muno, ndiponso za mbiri ya masiku a ukapolo ndi kubwera kwa Azungu. Muli ngakhale mwala umene udagwa kuchokera kumwamba ku Machinga m'chaka cha 1981, wolemera makilogalamu 93, ndiye kuti kutsala pang'ono kufika matumba awiri a chimanga. Pabwalo pali makina akale oyendera nthunzi, amene ana amawakonda koposa.

Ngati funso lanu lili pa malonda, kuti kodi sitolo, nsalu za m'fakitale ndi katundu wa kunja zidalowa bwanji m'dziko muno, malo ake ndi Mandala House. Nyumba imeneyi idamangidwa m'chaka cha 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene ankayendetsa anthu awiri apachibale ochokera ku Scotland, a John Moir ndi a Frederick Moir. A John Moir ankavala magalasi a m'maso, ndipo makolo athu powaona akunyezimira adawatcha a Mandala. Dzina limeneli lidafalikira ku nyumbayo, ku dera lonselo, mpaka ku masitolo a kampaniyo amene agogo athu amawakumbuka. Ndi nyumba yosanja, ya khonde lalikulu, ndipo imadziwika kuti ndiyo yakale koposa mwa nyumba za mamangidwe a Chizungu zimene zikadalipo m'Malawi. M'chipinda chapamwamba muli mabuku, zithunzi ndi makalata akale zosungidwa ndi bungwe la Society of Malawi. Kumeneku kumakomera kwambiri munthu wokonda kuwerenga ndi kuyang'ana zithunzi modekha. Gulu lalikulu la amayi a makanda kumsana silipeza zambiri zoti ligwirepo mtima.

Ngati mtima wanu uli pa za mpingo, pitani ku tchalitchi cha St Michael and All Angels, ku mishoni ya Blantyre, kumene mutha kuyenda pansi kuchokera pa Wenela. Imeneyi si myuziyamu kwenikweni, ndi nyumba ya Mulungu imene anthu akupempheramo mpaka lero, koma khoma lake lililonse ndi mbiri. Mishoni ya Blantyre idayamba m'chaka cha 1876, ndipo dzinalo adalitenga ku mudzi umene David Livingstone adabadwira ku Scotland. Tchalitchicho chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi Mbusa David Clement Scott, amene sadaphunzirepo za mapulani a nyumba, pamodzi ndi amuna a dziko lino amene adaumba ndi kuwotcha njerwa zake okha. Mukaima patsogolo pake ndi kuyang'ana mmene njerwa zidalukidwira, mumazindikira kuti manja a anthu akuda adagwira ntchito yaikulu imene mabuku ambiri saitchula maina a eni ake. Koma kumbukirani kuti tsiku la Sabata kumeneko n'kopemphera. Mukafuna kuzungulira ndi kufunsa mafunso, pitani tsiku lina.

Tsono ndikuuzeni mmene gulu lathu lidasankhira pamene tidapita ku ukwati wa mwana wa mnzathu ku Ndirande. Tidafika Lachisanu dzuwa lili pamutu, ndipo ukwati udali wa Loweruka. Eni khomo adati ntchito ya kuphika iyamba madzulo, kotero tidali ndi maola ngati atatu. Nkhani yake tidaikambirana kale tisananyamuke, pa msonkhano wathu wa pamwezi, ndipo siidali yapafupi. Ena ankafuna msika wa Limbe kuti akaone mitengo ya zitenje. Ena ankati munthu wa Chigwirizano sangafike ku Blantyre osaona tchalitchi cha anzathu a Mvano. Mayi wina amene amaphunzitsa ana a mkaka adatchula za Mandala. Aliyense adali ndi mfundo yomveka. Chimene chidathetsa nkhani ndi mawu a agogo ena a ku Mitundu, amene adati, "Ana inu, ine maso ayamba kuchita chidima. Ndifuna ndikaoneko zimene ankagwira amayi anga, ndimuonetse mdzukulu wangayu ndikadali ndi mpweya." Atatero palibe adatsutsanso. Tidagwirizana za Chichiri, ndipo a zitenje tidawalonjeza kuti m'mawa wa tsiku lobwerera udzakhala wawo.

Tidalowa anthu khumi ndi awiri, pamodzi ndi mdzukulu uja, mtsikana wa ku sekondale. Poyamba tinkayenda mwamanyazi, manja kumbuyo, tikunong'onezana ngati tili m'chipatala. Koma titafika pamene pali miphika, agogo aja adaima osasuntha. Adayamba kutchula umodziumodzi, uwu ndi wa ndiwo, uwu ndi wotungira madzi, iyi ndi nkhali yofululira. Kenaka adatembenukira kwa mdzukulu wawo ndi kumufotokozera mmene amayi awo ankaumbira: kukakumba dothi ku mtapo, kulinyowetsa ndi kulikanya mpaka lifewe, kuchotsamo timiyala, kuumba ndi manja popanda makina, kukulungiza ndi mwala wosalala, kuumika pamthunzi masiku angapo kuti usang'aluke, ndipo pomaliza kuwotcha ndi nkhuni ndi makungwa. Adanenanso kuti mphika ukasweka sunkatayidwa, phale lake linkakhala lokazingira chimanga ndi mtedza.

Mtsikana uja adafunsa kuti, "Nanga agogo, nsalu kusanabwere masitolo ankazitenga kuti?" Agogo adaseka, nati ankavala nyanda. Mwanayo dzina limeneli adali asanalimvepo. Adamuuza kuti abambo ankasenda khungwa la mtengo wa mombo, kulinyika, ndi kulisula ndi chibonga mpaka litafewa ndi kutambasuka ngati nsalu. Amayi ena a gulu lathu, a zaka ngati zanga, nawonso adali chete kumvetsera, pakuti zambiri mwa izi tidangozimva patalipatali. Mnyamata wogwira ntchito m'nyumbamo, amene ankatiperekeza, adasiya kulankhula nayamba kumvetsera nawo, mpaka adafunsako mafunso ake. Tidatha pafupifupi ola lathunthu pa malo amodzi omwewo. Tikadakhala ndi malo ena atatu otidikira, bwenzi nditawakoka dzanja agogowo kuti tiyeni nthawi yatha, ndipo mwana uja akadabwerera ku Mitundu osadziwa nyanda.

Pamenepa ndipo pali chifukwa chachikulu chimene ndikunenera kuti nyumba imodzi ikwanira. Zinthu za m'nyumba zotere sizilankhula zokha. Mphika uli m'galasi ndi mphika chabe mpaka wina atauza mnzake za manja amene adauumba, ndipo kufotokoza kumafuna nthawi. Chotero pokonza ulendo, yesetsani kuti m'gulu mukhale wachikulire mmodzi ndi mtsikana mmodzi. Wachikulire ndiye adziwa maina ndi ntchito zake, mtsikana ndiye adzazisunga ife titapita. Mtsikanayo athandizanso kuwerenga, pakuti zolembedwa zambiri m'malo otere zimakhala m'Chingerezi, ndipo ife amene tidalekezera ku pulayimale timagwira mawu amodzi n'kuphonya atatu. Musachite manyazi kupempha pakhomo kuti wina akuperekezeni ndi kukufotokozerani m'Chichewa. Imeneyo ndi ntchito yawo, ndipo safunsa adadya phula.

Pali nkhani ina imene ndiyenera kuitchula mosabisa, chifukwa imatha kugawanitsa gulu pakhomo penipeni pa nyumba. Ife a kuno ku Nkhoma, Nathenje ndi Mitundu tidakulira pakati pa belu la tchalitchi ndi ng'oma ya kudambwe. M'banja limodzi mumapezeka mkulu wa mpingo ndi wina wolemekeza mwambo wa makolo. Tsono m'nyumba zosunga chikhalidwe mumapezeka za Gule Wamkulu, pakuti guleyu ndi mbali yaikulu ya mbiri ya Achewa, ndipo bungwe la UNESCO lidamuika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2005. Mayi wina wa mpingo chikumbumtima chake sichimulola kuyang'ana zimenezi. Mayi wina wa kumudzi nayenso safuna kuziyandikira, koma pa chifukwa china: mwambo udamuphunzitsa kuti pali zinthu zimene siziyenera kuonedwa mwachisawawa. Wina saona vuto lililonse, amati ndi maphunziro basi.

Langizo langa ndi lakuti nkhani imeneyi muikambirane kumudzi, musanakwere basi. Mugwirizane kuti amene safuna kuona mbali imeneyo adutse kapena adikire panja, ndipo wina asamuseke kuti ndi wotsalira. Amene wasankha kuona, nayenso wina asakamunenere kwa abusa kapena kwa amfumu ngati wapalamula. Ndipo pamene muli patsogolo pa zinthu zimenezi, pakamwa pakhale paulemu. Si malo ochitira nthabwala kapena kufunsa mafunso oputa anzathu. Ife tidachita chotero, ndipo amayi atatu adatsogola kukakhala pamthunzi pafupi ndi makina aja. Pobwerera tonse tidali amodzi monga tidapitira. Gulu limene latha zaka likusonkherana pa maliro ndi pa matenda lisapasuke chifukwa cha masana amodzi a mu mzinda.

Posankha, thandizo lina ndi kudziwa zoti musiye. Anthu okufunirani zabwino adzakutchulirani malo ambiri. Adzati pitani ku Mbombwe ku Chiradzulu, ku mishoni ya PIM ya John Chilembwe amene adaukira atsamunda m'chaka cha 1915. Adzati pa Namaka, pa msewu wa ku Zomba, pali kanyumba kokumbutsa amtengatenga amene ankanyamula makalata wapansi. Onsewa ndi malo abwino, koma ali kunja kwa mzinda, ndipo mukawaphatikiza pa masana amodzi mudzathera nthawi ndi ndalama pa msewu. Alembeni mu mtima kuti ndi a ulendo wina. Chimodzimodzinso nyumba ya zakale ya ku Mangochi imene imasimba za nyanja ndi sitima zake, ndi ya ku Karonga, yotsegulidwa m'chaka cha 2004, kumene kuli mafupa a chinyama chachikulu chamakedzana chotchedwa Malawisaurus. Zimenezo mudzaziona tsiku limene ukwati kapena msonkhano udzakutengerani kumeneko.

Musaonongenso maola a mu mzinda pofuna zinthu zimene zili pafupi ndi kwathu. Ambiri sitidziwa kuti ife a kuno tidazunguliridwa ndi mbiri. M'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, muli malo 127 a zojambula za pa miyala, amene UNESCO idawalemba m'kaundula wake m'chaka cha 2006. Zofiira zidajambulidwa ndi Akafula, anthu amene makolo athu adawapeza m'dziko muno, ndipo zambiri mwa zoyera ndi za Achewa. Chimene chiyenera kutikhudza ife amayi ndi chakuti zina mwa zojambulazo zidachokera m'manja mwa akazi, ndipo zinkagwira ntchito pa chinamwali polangiza atsikana. Ku Mua, kumunsi kwa mapiri a Dedza kufupi ndi Mtakataka, kuli mishoni ya Akatolika imene idayamba m'chaka cha 1902. Kumeneko Bambo Claude Boucher a ku Canada adayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, ndipo nyumba yake ya zakale, yotchedwa Chamare, imafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira pa kubadwa mpaka pa imfa. Malo awiriwa ndi oti gulu lingapite m'mawa ndi kubwerako tsiku lomwelo, popanda kudikira ukwati wa ku Blantyre.

Nanga pa Nkhoma pompano? Timadutsapo popita ku chipatala ndi ku msika, maso ali pansi. Komatu mishoni imeneyi idayamba m'chaka cha 1896, m'masiku a mfumu Mazengera, pamene anthu ankakhala m'phiri poopa nkhondo za Angoni. Amishoni ake adachokera ku South Africa, ndipo adayamba akhazikika ku Mvera m'chaka cha 1889. Chipatala chimene ambiri a ife tidachilirako ana chidayamba m'chaka cha 1915. Buku Lopatulika limene timawerenga m'nyumba zathu lidatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, ndipo amene adatsogolera ntchito yolimasulira ndi Mbusa William Murray wa mishoni yomweyi, mothandizana ndi aphunzitsi a dziko lino. Mayi amene wayendapo pa Nkhoma ndi mwana wake, kumuonetsa tchalitchi ndi nyumba zakale za njerwa zofiira, akakafika pa St Michael amakhala ndi poyerekezera, ndipo amaona zambiri kuposa amene wangofikapo.

Kwa ambiri a ife mzinda wapafupi ndi Lilongwe, umene udakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975. Kumeneko malo okumbukira mbiri ndi a mtundu wina, okhudza kwambiri za boma. Pafupi ndi Nyumba ya Malamulo pali chiliza cha Dr. Kamuzu Banda, amene adamwalira m'chaka cha 1997, ndipo chilizacho chidatsegulidwa m'chaka cha 2006. Nsanamira zake zinayi zimakumbutsa ngodya zinayi zimene amayi athu ankaziloweza pamtima: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ku Area 18 kuli nsanja yokumbukira asilikali amene adafera pa nkhondo. Nthawi ya Kamuzu anthu amaikumbuka mosiyanasiyana, ena ndi chiyamiko ena ndi misozi, ndipo mayi amene adavalapo nsalu ya chipani ndi kuvina pa bwalo la ndege ali ndi zambiri zouza mdzukulu wake pamalo amenewa, zokoma ndi zowawa zomwe. Apanso lamulo ndi lomwe lija: malo amodzi, wachikulire mmodzi, ndi nthawi yokwanira kuti alankhule.

Zotsalazi ndi zing'onozing'ono, koma ndi zimene zimaononga ulendo zikaiwalika. Musanapite, pemphani mbale wa mu mzinda kuti akafunse kapena aimbe foni, adziwe masiku ndi maola amene amatsegula, ndalama yolowera, ndiponso ngati gulu liyenera kudziwitsa pasadakhale. Ndalama yolowera ndi ya minibasi musonkhe mukadali kumudzi, ndipo msungichuma aimange payokha, isasakanikirane ndi ya mphatso za ukwati. Abambo akunyumba muwauze bwinobwino za dongosolo lonse, kuti pasadzakhale mawu akuti mudapita ku ukwati koma mudakathera kwina. Valani nsapato zafulati. Idyani musanalowe, kapena nyamulani mbatata yophika ndi madzi kuti mukadyere panja, chifukwa munthu wanjala saona kanthu. M'katimo musagwiregwire zinthu, ana muwagwire padzanja, ndipo musanajambule ndi foni yambani mwapempha. Tulukani dzuwa likadalipo, pakuti mzinda wa eni suyendedwa usiku ndi mlendo.

Mukabwerako, ulendo usathere pa depoti. Pa msonkhano wotsatira wa gulu, aliyense amene adapita anene chinthu chimodzi chimene adaona ndi chimene adaphunzirapo, kuti amene adatsala nawonso alaweko. Ife titachita zimenezi, mayi wina amene sadapite nawo adati kwawo kuli mphero ya apongozi ake imene ana amakhalira posewera. Wina adakumbuka mtsuko wa amayi ake umene uli m'nkhokwe yakale. Tidagwirizana kuti zinthu zotere zisatayidwe kapena kugulitsidwa mwachisawawa kwa odutsa, koma zitsukidwe ndi kusungidwa m'nyumba, ndipo ana auzidwe mwini wake adali yani. Mwezi wotsatira agogo aja adabwera ndi dothi la ku mtapo m'kathumba, ndipo atsikana asanu adakhala pansi kuphunzira kuumba. Timiphika tawo tidatuluka topindika, ena tidang'aluka pa moto, koma tiwiri tidapsa bwino ndipo tikuphikidwamo nyemba.

Tsono amayi anzanga, ulendo wina ukadzapezeka, kaya ndi wa ku Blantyre kaya wa ku Lilongwe, khalani pansi ndi anzanu musananyamuke. Werengani maola amene mudzakhale nawo, gwirizanani chimene mukufuna kukadziwa, ndipo sankhani nyumba imodzi. Tengani agogo, tengani mtsikana. Zimene mwasiya sizithawa, Mandala House yaima pamalo pake kuyambira 1882 ndipo idzakudikirani ulendo winawo. Mulungu akuyendetseni bwino, ndipo mukabwerako mutilembere pa tsamba lino kuti tidziwe kumene mudasankha ndi zimene mudaona.